Mafuta a pansi pa nyanja nawo amatha

Pa mzere wa petulo pa Chitakale anthu amakonda kunena zoti mafuta sangathe, ati pansi pa nyanja pali chidziwe chachikulu chomwe angoyamba kumene kutunga. Ayi abale, sizili choncho. Mafutawo amakhala m'timabowo ta m'miyala ngati madzi mu siponji, ndipo chitsime chikapopedwa zaka zingapo mphamvu yokankhira mafutawo m'mwamba imatsika, ambiri amatsalira mumwala momwemo. Ku Brazil okumba mafuta amadutsa madzi akuya makilomita 2 kenako kuboola mchere wokhuthala wa pansi pa nyanja, ndalama zake zoopsa ndipo pamapita zaka asanayambe kugulitsa. Ngozi nazonso, mu 2010 chombo chokumbira mafuta chotchedwa Deepwater Horizon chinaphulika ku Gulf of Mexico, anthu 11 anafa. Chondidetsa nkhawa ine n'choti zitsime zatsopanozi zambiri zikungotseka mpata wa zakale zomwe zikuphwa.