Ndalama zimene zimatsalira panjira pogula ndi kugulitsa masheya ku Britain

Amalawi ambiri amene ali ku Britain, makamaka anamwino ndi ogwira ntchito yosamalira okalamba, ayamba kugula masheya pafoni. Mapulogalamu monga Trading 212 ndi Freetrade salipiritsa komishoni pogula masheya wamba, ndiye munthu akatsala ndi kangachepe mwezi ukatha amangodina batani, basi wakhala mwini wa kachigawo ka Tesco kapena Lloyds. Ine monga wowerengera ndalama, funso limene limandipeza kawirikawiri ndi lakuti: "Ndagula masheya a £500, koma andidula £2.50. Si ankati n'zaulere?"

Ndalama imeneyo sinapite kwa eni pulogalamu. Yapita ku boma. Ndi msonkho wotchedwa stamp duty, ndipo mlingo wake ndi 0.5 peresenti ya mtengo wa masheya a kampani ya ku Britain amene mwagula. Amalipira ndi wogula yekha, wogulitsa sakhudzidwa. Msonkhowu ndi wakalekale. Unayamba ku England mu 1694, mu ulamuliro wa William ndi Mary, boma likufuna ndalama zomenyera nkhondo ndi France, ndipo chikalata chinkadindidwa chidindo chenicheni posonyeza kuti msonkho waperekedwa. Nkhondoyo inatha, msonkho unatsala. Pa masheya unali 2 peresenti kufikira 1984 pamene anautsitsa kufika pa 1 peresenti, kenako mu 1986 unafika pa 0.5 peresenti pamene uli mpaka lero. Chaka chomwecho ndi pamene msika wa London unathetsa komishoni yokhazikika imene ma broker onse (makampani ogulira ndi kugulitsira anthu masheya) ankalipiritsa mofanana, ndipo boma linakhazikitsanso msonkho wofanana nawo wotchedwa Stamp Duty Reserve Tax kuti malonda opanda chikalata chodindidwa asazembe. Mukagula pafoni, msonkho umene mumalipira ndi umenewu, ndipo umadulidwa pompopompo kudzera mu makina a CREST amene amasamutsa umwini wa masheya. Amene amasamutsa masheya ndi fomu ya papepala amalipira pokhapokha mtengo ukapitirira £1,000.

Si chilichonse chimene chimalipiritsidwa msonkhowu. Masheya a makampani a pa AIM, msika wa London wa makampani ang'onoang'ono, anachotseredwa mu April 2014. Masheya atsopano amene kampani ikugulitsa koyamba salipiritsidwa. Ngongole za boma zotchedwa gilts komanso ma ETF (matumba a ndalama amene amagulitsidwa pamsika ngati sheya imodzi) nazonso ayi. Masheya a ku America monga Apple alibe stamp duty, koma a ku Ireland ali ndi wawo wa 1 peresenti, kuwirikiza kawiri wa ku London. Ndipo musaganize kuti ISA, akaunti yapadera yosungiramo ndalama ndi masheya, imakubisani. ISA imakutetezani ku msonkho wa phindu pa ndalama zofika £20,000 zimene mungaikemo pa chaka, koma stamp duty mumalipirabe.

Theka la peresenti likuoneka laling'ono, ndipo kwa munthu amene wagula masheya n'kuwasunga zaka khumi ndi laling'onodi. Vuto lake limafanana ndi la toll gate ya pa Chingeni: wodutsa kamodzi pa chaka popita kumudzi saimva, koma wa minibasi amene amadutsapo m'mawa ndi madzulo amaidziwa bwino. Tiyerekeze kuti muli ndi £10,000 ndipo mwezi uliwonse mumagulitsa zonse n'kugula masheya ena a ku London amene mwamva kuti akwera. Ulendo uliwonse boma litenga £50. Pakutha pa chaka mwapereka £600, kutanthauza 6 peresenti ya ndalama zanu, pa pulogalamu imene sinakudulenipo komishoni ngakhale tambala. Masheya anu ayenera kukwera ndi 6 peresenti kuti mungobwerera pamene munayambira.

Pali mtengo wina umene suoneka papepala lililonse. Sheya iliyonse ili ndi mitengo iwiri nthawi imodzi: umene mungagulire ndi umene mungagulitsire, ndipo wogulira umakhala wokwererapo. Pa makampani akuluakulu a mu FTSE 100, mndandanda wa makampani 100 aakulu kwambiri pa msika wa London, kusiyanaku n'kochepa kwambiri. Pa kakampani kakang'ono kamene masheya ake sayenda kawirikawiri, mukhoza kupeza kuti akugulitsa pa 52p koma akugula pa 48p. Mukagula n'kusintha maganizo ola lomwelo, mwataya pafupifupi 8 peresenti msika usanagwedezeke n'komwe. N'chifukwa chake sindisangalala kwenikweni munthu akandiuza kuti amakonda za pa AIM poti kulibe msonkho. Wapulumutsa theka la peresenti, wapereka zochuluka kuposa pamenepo pa kusiyana kwa mitengo.

Othawira ku masheya a ku America nawo amakumana ndi chindapusa chosinthira mapaundi kukhala madola, chimene chimayambira pa 0.15 peresenti kwa ena mpaka 1 peresenti kapena kupitirirapo kwa ena. Chimenechi, mosiyana ndi stamp duty, chimadulidwa pogula ndi pogulitsa pomwe. Ndiye pali ma broker akale amene amalipiritsa komishoni yokhazikika pa malonda aliwonse. Ngati ndi £6 pogula ndi £6 pogulitsa, munthu wogula masheya a £5,000 saimva, koma wogula a £200 wapereka £12 kuphatikizapo £1 ya msonkho. Imeneyo ndi 6.5 peresenti. Komishoni yokhazikika imapweteka wosauka.

Zoti kugulagula kumasaukitsa si maganizo anga chabe. Akatswiri awiri a ku California, Brad Barber ndi Terrance Odean, anaunika maakaunti a mabanja 66,465 pa broker wina wa ku America kuyambira 1991 mpaka 1996. Pa zaka zimenezo msika wonse unkabweza 17.9 peresenti pa chaka. Mabanja amene ankagula ndi kugulitsa kawirikawiri kuposa onse anapeza 11.4 peresenti, pamene amene ankangokhala phee anapeza 18.5 peresenti. Chopatsa chidwi n'chakuti musanachotse zolipira za malonda, magulu awiriwa ankapindula pafupifupi mofanana. Ogulagula aja sankasankha masheya oipa kwambiri kuposa anzawo. Ndalama zawo zinkathera panjira.

Pa kafukufuku wina, awiriwa anapeza kuti amuna amachita malonda kwambiri kuposa akazi ndi 45 peresenti, ndipo phindu lawo linkachepa kwambiri chifukwa cha zimenezi. Iwo anati gwero lake ndi kudzikhulupirira mopyola muyeso. Azibambo anzanga, apa tilibe poyankhira. Odean anaonetsanso chizolowezi china chimene ndimachiona mpaka lero: anthu amathamangira kugulitsa sheya imene yakwera kuti asangalale ndi kaphindu, koma imene yagwa amaikakamira, akuti ibwerera. Kugulitsa yotayitsa kumawawa chifukwa ndi kuvomera kuti unalakwitsa.

Wina anganene kuti zimenezi n'za m'ma 1990, pamene komishoni inali yokwera. N'zoona, ndipo kutsika kwa komishoni ndi chinthu chabwino. Koma mabanja a ku America aja sankalipira stamp duty, inu mumalipira. Komanso chinthu chikaoneka ngati chaulere, dzanja limayabwa. Kale munthu ankaimbira foni broker, n'kumva yekha mtengo wa malondawo asanavomere. Lero pulogalamu ili m'thumba, imakutumizirani uthenga sheya ikangosuntha pang'ono, ndipo pa nthawi yopuma usiku kuntchito mukhoza kugulitsa ndi kugula katatu tiyi asanazizire. Eni mapulogalamuwa si a mpingo. Amapeza ndalama pa kusintha ndalama zakunja, pa malipiro a pamwezi a maakaunti ena, pa chiwongoladzanja cha ndalama zanu zongokhala, ndipo ena pa malonda a CFD.

Pa CFD pamafunika kuimapo. Otsatsa amakonda kunena kuti palibe stamp duty, ndipo sakunama. Msonkhowo palibe poti simugula sheya iliyonse, mukungobetcha kuti mtengo ukwera kapena utsika, nthawi zambiri ndi ndalama zobwereka zimene zimakudulani chiwongoladzanja usiku uliwonse. Mu 2016 bungwe loyang'anira zachuma ku Britain la FCA linapeza kuti 82 peresenti ya makasitomala amene linawaunika anataya ndalama pa malonda amenewa. Lero lamulo limakakamiza makampaniwa kulemba poyera kuchuluka kwa makasitomala awo amene amaluza. Werengani nambala imeneyo musanadine chilichonse.

Kunena zoona, msonkho umenewu ineyo sindiukonda. Makampani amene ntchito yawo ndi kugula ndi kugulitsa masheya tsiku lonse pamsika ali ndi chilolezo chosaulipira, pamene namwino wa ku Leeds ndi thumba lake la penshoni amalipira. Anthu a mu City of London, dera la mabanki ndi msika wa masheya, akhala akudandaula kuti umathamangitsira ndalama ku New York. Koma umabweretsera boma ndalama zoposa £3 biliyoni pa chaka ndipo kutolera kwake n'kosavuta, choncho musayembekezere kuti nduna ya zachuma iutaya msanga.

Kwathu ku Malawi Stock Exchange ku Blantyre, kumene kampani yoyamba kulowa inali NICO mu 1996, chizolowezi n'chosiyana. Ambiri amene anagula masheya a National Bank, Illovo kapena Airtel amangosunga n'kumadikira gawo lawo la phindu, mwina chifukwa nthawi zina wogula kapena wogulitsa sapezeka msanga. Kusayenda kwa msika ndi vuto palokha, komabe kwatchinjiriza ambiri ku matenda a kugulagula.

Kusiyana kwa 2 peresenti pa chaka kumakula modabwitsa. Ndalama zokwana £10,000 zikamakula ndi 7 peresenti pa chaka zimafika pafupifupi £38,700 pakutha pa zaka 20. Zikamakula ndi 5 peresenti chifukwa zina zathera pa zolipira, zimafika £26,500 yokha. Choncho musanagule, phatikizani zonse za ulendo wopita ndi wobwera: msonkho, komishoni kawiri, kusiyana kwa mitengo, ndi kusintha ndalama ngati kulipo. Gawani ndi ndalama zimene mukuikazo. Yankho likapitirira 1 peresenti, dikirani muunjike za miyezi iwiri kapena itatu mugule kamodzi, kapena funsani ngati broker wanu ali ndi dongosolo logula mwezi ndi mwezi, limene kwa ambiri limakhala lotsika mtengo. Ndipo chaka chikatha, tsitsani ma contract note anu onse, amene ndi malisiti a malonda anu, muwonkhetse zimene munadulidwa, muziyerekeze ndi phindu limene pulogalamu ikukuonetsani.