Thumba la makala lija lapita kuti?

Mukagula thumba la makala kwa anyamata a njinga ochokera ku Dzalanyama, limakuthyolani msana polilowetsa m'khitchini. Pakutha mwezi chotsala ndi phulusa losadzaza ndi kachidebe komwe. Nanga kulemera konse kuja kwapita kuti? Ndikamaphunzitsa ana a sekondale kulinganiza ma equation a Chemistry, omwe ndi mizere ya zilembo ndi manambala yosonyeza zinthu zolowa ndi zotuluka, ndimayambira pa funso limeneli, chifukwa mwana akalimvetsa, zotsalazo ndi kuwerenga chabe.

Kulemerako sikunasowe, kunauluka. Gawo lalikulu la makala ndi carbon. Ikamapsa imagwirana ndi oxygen wa mumpweya n'kukhala carbon dioxide, ndipo timalemba kuti C + O₂ → CO₂. Magalamu 12 a carbon amatenga magalamu 32 a oxygen n'kutulutsa magalamu 44 a mpweyawo. Mu 1789 Antoine Lavoisier wa ku France analemba lamuloli momveka: zolowa ndi zotuluka zimalemera mofanana. Lero timati maatomu, tizidutswa tating'onoting'ono topanga zinthu, sasowa ndipo sabadwa, amangosintha anzawo ogwirana nawo. Choncho maatomu a kumanzere kwa muvi ayenera kufanana chiwerengero ndi a kumanja.

Pomwe ana ambiri amagwera ndi apa. Tengani madzi, omwe amapangidwa ndi hydrogen (H) ndi oxygen (O): H₂ + O₂ → H₂O. Kumanzere kuli maatomu awiri a oxygen, kumanja imodzi. Mwana wachangu amangolemba ka 2 kakang'ono pansi pa O, n'kupeza H₂O₂, iye n'kumwetulira kuti zatheka. Masamu atheka ndithu, koma waphika ndiwo zina. H₂O₂ ndi hydrogen peroxide, mankhwala otsukira mabala, osati madzi akumwa. Kanambala ka pansi ndi dzina la chinthucho, sitikakhudza. Yololedwa kusintha ndi nambala yaikulu ya kutsogolo, yomwe imangonena kuchuluka. Mumsika wa Tsoka mutha kuwonjezera milu ya tomato mmene mungafunire, koma tomato sangasanduke mabilinganya. Yankho lolondola ndi 2H₂ + O₂ → 2H₂O.

Equation ikakhala yaitali, musayambe ndi oxygen, chifukwa amapezeka malo ambiri ndipo amasokoneza. Propane, umodzi mwa mipweya ya m'masilinda ophikira, ndi C₃H₈, ndipo akamapsa amatulutsa CO₂ ndi H₂O. Ma carbon ndi atatu, ndiye lembani 3CO₂. Ma hydrogen ndi 8, ndiye 4H₂O. Tsopano werengani oxygen kumanja: 6 kuphatikiza 4 ndi 10, kutanthauza 5O₂ kumanzere. Pomaliza bwerezani kuwerenga atomu iliyonse ndi pensulo. Ambiri amataya malikisi pa mayeso a MSCE osati chifukwa cha umbuli, koma ulesi wa kubwerezaku.

Makolo ena amandifunsa kuti zimenezi zithandiza chiyani mwana amene sadzakhala dokotala. Ndimawabwezera ku mbaula. Oxygen akachepa, makala omwewo amapsa mwa njira ina: 2C + O₂ → 2CO. Onani bwino, maatomu awiri a carbon akugawana oxygen yemwe poyamba amakwanira atomu imodzi. Chotulukacho ndi carbon monoxide, mpweya wosaoneka, wosanunkha, womwe umakanirira m'magazi pamalo pa oxygen. Munthu amangomva mutu ndi chizungulire, n'kugona osadzukanso. M'miyezi ya June ndi July, Lilongwe ikazizira, musalowetse mbaula yamoto kuchipinda n'kutseka mawindo.