Njinga ikamavuta kulira m'mawa, musathamangire kukulitsa jeti

Chiperoni chikangoyamba mu June, pagalaja panga kuno ku Luchenza pamafika anyamata a kabaza akukankha njinga zamoto, thukuta lili kamukamu, ndipo mawu awo amakhala amodzimodzi: "Amisiri, tandiikireni jeti yaikulu." Ndatopa nawo mawu amenewa. Njinga yakhala ikulira bwinobwino zaka zisanu ndi jeti yomweyo, ndiye yachepa liti?

Jeti ndi kachitsulo kokhala ndi kabowo komwe petulo amadutsamo mu kabuleta popita mu injini, ndipo majetiwo alipo awiri. Main jet imagwira ntchito mukakoka moto wambiri, monga pokwera zitunda za ku Thyolo mutanyamula katundu. Poliza njinga, chomwe chimamwetsa injini ndi slow jet pamodzi ndi choko, yomwe imachulukitsa petulo injini ikazizira. Wina akakuchotserani main jet ya 95 n'kuika ya 110, wangokuonjezerani ndalama za petulo. M'mawa mudzakankhabe.

Kabowo ka slow jet ndi kakang'ono zedi, singano yosokera siingalowe. Kamatsekeka ndi dzimbiri la m'thanki komanso zinyalala za mafuta a m'zigubu. Petulo wathu amasakanizidwa ndi ethanol, yemwe amakoka chinyezi, ndipo chinyezi kuno kuminda ya tiyi sichisowa. Masulani kasikuluwu ka pansi pa kabuleta, mukhetsere mafutawo m'botolo loonekera mkati, muona madzi atakhala pansi ngati timikanda. Jeti yotere imangofunika kutsuka n'kuiuzira mpweya, basi.

Koma nkhani yomwe imandiwawabe ndi ya mnyamata wina amene ankanyamula nanazi kupita nazo ku Limbuli. Njinga yake itayamba kuvuta, anakaisiya kwa munthu wina wa sipanala ziwiri wa pansi pa mtengo, yemwe anadula kawaya ka kebulo ya buleki n'kuboola majeti onse awiri. Inalira masiku ochepa, kenako utsi wakuda, pulagi bii ngati makala. Petulo wochulukayo ankatsuka oyilo m'silinda n'kutsikira pansi. Mnyamatayo anayenda choncho miyezi itatu, poti mwini njinga ankafuna ndalama yake tsiku lililonse. Pomwe ankafika kwa ine, oyilo anali atasanduka madzimadzi, akununkha petulo, maring'i atatheratu. Nditatsegula pamwamba pa injini ndinapeza vavu imodzi yathina, ilibe mpata n'komwe, moti siinkatseka bwino ndipo mphamvu inkathawira pomwepo. Vuto loyambalo linali limeneli. Pa injini za mtundu wa CG125 mpatawo ndi 0.08 mm, umayezedwa ndi timalata topyapyala totchedwa feeler gauge injini ili yozizira, ntchito yosatha theka la ola. Kabuleta inalibe mlandu. Mwini njinga atamva mtengo wokonzera anailanda, mnyamatayo n'kubwerera kukathyola tiyi.

Chonde achimwene, kiki ikayamba kupepuka kuphazi, bwerani sabata yomweyo. Musadikire kuti muzikaimika njinga pamtsetse usiku uliwonse.

Jeti ndimasintha, inde, koma pokhapokha ikakhala kuti inabooledwa kale, kapena kabuleta inachokera pa njinga ina, kapena ekizozi ndi yachilendo. Ndimayamba ndi nambala yomwe njinga inabwera nayo, ikakana ndimakwera sitepe imodzi yokha, monga kuchoka pa slow jet ya 35 kufika pa ya 38. Kenako ndimaiyendetsa mpaka itenthe n'kuzula pulagi. Ikatuluka yofiirira ngati tiyi wamkaka, njingayo ndimaipereka kwa mwini wake. Ikatuluka yoyera mbee, injini ikumva ludzu ndipo ingawotche vavu, ndiye njingayo siichoka pagalaja.