Mzere wa pulogalamu uzitalika bwanji?

Anthu olemba mapulogalamu a kompyuta amatha kukangana kwambiri pa nkhani yooneka ngati yachibwana: mzere umodzi uzikhala ndi zilembo zingati? M'ziyankhulo zambiri zolembera mapulogalamu masiku ano, kompyuta ilibe nazo ntchito. Mzere ukhale wa zilembo 40 kapena 400, pulogalamu iyenda chimodzimodzi. Malirewa anawaikira munthu wowerenga.

Nambala yotchuka ndi 80, ndipo inayamba kalekale. Mu 1928 kampani ya IBM inatulutsa makhadi a pepala lolimba okhala ndi malo 80 obowolapo. Patapita zaka, mapulogalamu anayamba kulembedwa pa makhadi amenewa, khadi limodzi mzere umodzi. Mu Fortran yakale, chimodzi mwa ziyankhulo zoyambirira zolembera mapulogalamu, mzere unkathera pa malo a 72. Malo 8 otsalawo ankaikapo nambala ya khadi, kuti mulu ukagwa n'kumwazika athe kuusanjanso. Masikirini atabwera, monga VT100 ya mu 1978, anangotengera muyezo womwewo.

Makhadiwo anatha, koma muyezo ukadalipo. Malamulo a kalembedwe ka chiyankhulo cha Python otchedwa PEP 8 amati mzere usapyole zilembo 79. Black, pulogalamu yosanja mizere ya Python, imalola 88. Kampani ya Google imalola 100 pa chiyankhulo cha Java, pomwe chiyankhulo cha Go sichinaike malire konse.

Ndiye bwanji osangosiya, popeza masikirini a lero ndi aakulu? Diso likafika kumapeto kwa mzere wautali limavutika kupeza poyambira wotsatira. Komanso pantchitoyi sitiwerenga fayilo imodzi yokha. Mnzako akasintha pulogalamu, umaika yakale kumanzere, yatsopano kumanja, n'kumafananitsa. Mizere ikatalika imadukira panjira, ndipo cholakwika chimabisala komwe diso silikufika.

Chifukwa chimene ine ndimachiona chachikulu ndi china. Nthawi zambiri mzere sutalika wokha. Umatalika chifukwa wolemba waunjika zinthu zinayi pamalo amodzi, kapena waika "ngati" (lamulo louza kompyuta kuti ichite chinthu pokhapokha ngati zinazake zili choncho) mkati mwa "ngati" wina kambirimbiri mpaka mizere yakankhidwira kumanja. Akagunda malire, amakakamizika kumasula mfundoyo n'kuigawa tizigawo tomveka.

Koma malire othina nawonso amawononga. Ena amafupikitsa mayina a zinthu mpaka osamveka, pongofuna kuti mzere ukwane. Ena amadula pakati uthenga wochenjeza za vuto, ndiye wofufuza uthengawo mawa saupeza. N'chifukwa chake malamulo a olemba Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta, amaletsa kudula mauthenga otere, ndipo mu 2020 chida chawo chowunikira kalembedwe chinayamba kuchenjeza pa 100 m'malo mwa 80.

Kwa ine, pakati pa 88 ndi 100 mpabwino. Gulu ligwirizane nambala imodzi, liilembe mu fayilo, kenako pulogalamu yosanja mizere izidula yokha nthawi iliyonse munthu akasunga ntchito yake.