Kunja kulibe belu la prep

Wophunzira amene wadutsa kusekondale yogonera komweko, kaya ku Mangochi boma kaya ku Malindi, anakula ndi belu. Pali belu lodzukira, la m'kalasi ndi la prep, ndipo wojomba amakumana ndi a boarding master. Akatsika ndege ku Britain, ku Germany kapena ku China, palibe womuimbira belu. Ndandanda ya makalasi imangoonetsa maola 10 kapena 12 pa sabata, ndiye iye amaganiza kuti nthawi ilipo yambirimbiri. Apa ndi pamene ambiri amaterereka.

Tiyeni tiwerengetse. Ku Britain, maphunziro a kuyunivesite amawayeza ndi ma credit, ndipo credit imodzi imaimira maola 10 a ntchito. Digiri ya master's ya chaka chimodzi, ngati imene imalipiriridwa ndi Chevening, sikolashipu ya boma la Britain, ili ndi ma credit 180, omwe ndi maola 1,800. Mukawagawa pa masabata 45, akukwana maola 40 pa sabata. M'mayiko ena a ku Ulaya amawerenga ndi ma credit otchedwa ECTS, omwe imodzi ndi maola 25 mpaka 30, ndipo chaka chimakhala ndi 60. Tsono ngati m'kalasi mumakhalamo maola 10, 30 otsala pa 40 aja ndi anu, oti muwerenge ndi kulemba popanda wokulondolani.

Kuzengereza kawirikawiri si ulesi. Munthu wopeza sikolashipu anakhetsa kale thukuta. Chimene chimamugwira ndi mantha: funso sakulimvetsa bwino, anzake akulankhula Chingerezi chothamanga, ndipo akuuzidwa kuti atsutse zimene analemba akatswiri, pamene kwathu kuno anazolowera kulemba zimene aphunzitsi ananena. Akatsegula laputopu mtima umalemera, akagwira foni umapepuka. Mawa lake zimabwerezanso.

Mankhwala ake ndi kuichepetsa ntchitoyo mpaka isaopsenso. "Ndilemba asayimenti sabata ino" ndi chikhumbo chabe. "Lachiwiri 9 koloko ndikhala ku laibulale, ndiwerenga nkhani ziwiri ndi kulemba mfundo zisanu" ndiye ntchito. Katswiri wa zamaganizo Peter Gollwitzer anaonetsa kuti munthu akatchuliratu nthawi ndi malo, amachitadi zimene wakonza kuposa amene wangoti ndichita. Ngati kuyamba kukuvutabe, tcherani wotchi mphindi 25, foni ili m'chikwama, kenako pumani mphindi zisanu.

Asayimenti ya mawu 3,000 yoti iperekedwe pakatha masabata anayi muziiwerengera chobwerera m'mbuyo. Sabata yoyamba ndi yomvetsa funso ndi kuwerenga. Pitani kwa alekichara pa office hours, nthawi imene anaipatulira ophunzira. Ambiri a kwathu amachita manyazi poganiza kuti akusokoneza munthu wamkulu, chonsecho imeneyo ndi ntchito yake. Sabata yachiwiri sanjani mfundo, ndipo chilichonse chimene mwatenga m'buku lembani pomwepo dzina la wolemba, chaka ndi tsamba. Yachitatu lembani mawu 500 patsiku kwa masiku sikisi, ngakhale atuluke okhota. Yomaliza ndi yowongola, ndipo tumizani kutatsala masiku awiri.

Wolemba usiku womaliza amakopera ziganizo za eni n'kuiwala kumene anazitenga, kenako Turnitin, pulogalamu ya pakompyuta yofufuza zokopera, imazigwira, mlandu wa plagiarism, kuba zolemba za ena, n'kubadwa. Umenewu ungafikitse munthu pochotsedwa sukulu. Wina amatumiza fayilo yolakwika, wina amachedwa ndi mphindi zitatu n'kudulidwa malikisi, popeza makina olandirira ntchito samva zoti intaneti inavuta. Akuluakulu anati zengerezu adalinda kwawukwawu.

Pa mayeso, kubwereza kuwerenga manotsi kumanyenga, chifukwa maso akazolowera tsamba munthu amaona ngati wadziwa. Tsekani buku, lembani zimene mukukumbukira, ndiyeno yerekezani. Chitaninso mawa lake, pakatha masiku atatu, ndi pakatha sabata.

Nkhani yovuta kwambiri kwa ife a ku Mangochi ndi ya kumudzi. Tinazolowera kuti munthu akapita ku Joni amatumiza kangachepe pa Mukuru mwezi usanathe, ndiye achibale amamuona wophunzira ngati wapitanso kukagwira ntchito. Viza ya wophunzira digiri ku Britain imalola ganyu wa maola 20 okha pa sabata sukulu ikakhala yotsegula, ndipo kupyola pamenepo ndi kuphwanya lamulo la viza. Ngakhale 20 omwewo mukawaphatikiza ndi 40 aja akukwana 60. Amene wagwira shifiti ya usiku kosamalira okalamba sangawerenge zomveka m'mawa. Makolo ndi amalume, mwana ameneyu mupatseni mpata amalize kaye.

Mafoni nawonso amadya nthawi. China ili patsogolo pa Malawi ndi maola sikisi, kotero anthu a ku Namwera akamaimba atatha kudya nsima cha m'ma 7 madzulo, ku Beijing ndi 1 koloko usiku. Britain ili kumbuyo ndi maola awiri m'nyengo yozizira, ndi ola limodzi m'nyengo yotentha. Gwirizanani tsiku ndi ola loyankhulana, ndipo magulu a WhatsApp a ukwati, a mpingo kapena a kumzikiti muziwatsegula kamodzi madzulo. Uthenga wa maliro kapena matenda adzakuimbirani mwachindunji.

Mu Disembala ku London dzuwa limatuluka cha m'ma 8 n'kulowa 4 koloko isanakwane. Thupi lozolowera kuwala kwa kunyanja limangofuna bulangete. Ntchito yolemetsa muziigwira m'mawa, ndipo muzituluka m'chipinda, osawerengera pabedi. Ngati papita masabata awiri tulo tikuvuta, chakudya sichikulowa ndipo simukufuna kuonana ndi anthu, pitani kwa alangizi a pasukulupo, chifukwa pamenepo vuto lakula kuposa kuzengereza. Mukadwala kapena kukagwa zovuta kumudzi, pemphani extension, kutanthauza masiku owonjezera, tsiku loperekera asayimenti lisanafike, ndi umboni monga kalata ya dokotala. Musangosowa m'kalasi, popeza mayunivesite a ku Britain amalemba kaundula wa ophunzira a pa viza ndipo wosowa nthawi yaitali amakamunena ku Home Office, unduna woona za maviza.