Khirisimasi ya m'miphika ya akazi a ku Goa, Melaka ndi Macau

Pachilumba cha Madeira, chomwe ndi mbali ya dziko la Portugal, Khirisimasi siidutsa popanda nyama ya nkhumba yonyikidwa m'vinyo ndi adyo. Amaiduladula, n'kuiviika kwa masiku angapo m'vinyo wothiramo viniga, adyo ndi masamba onunkhira, kenako n'kuikazinga m'mafuta ake omwe. Eni ake amaitcha carne de vinha d'alhos. Ku Goa, kugombe la kumadzulo kwa India, mabanja achikatolika nawonso amaphika nkhumba ya viniga ndi adyo pa zikondwerero, koma yawoyo imakhala yofiira psuu ndi tsabola, ndipo amadyera mpunga. Dzina lake ndi vindalho, lomwe ambiri amalidziwa ngati vindaloo. Ndiwo ziwirizi n'zapachibale, ndipo chimene chinazilumikiza ndi ukwati.

Nkhani yake iyambira mu Novembala 1510, pamene Afonso de Albuquerque analanda Goa m'manja mwa ufumu wachisilamu wa Bijapur. Apwitikizi anali ochepa, kwawo kunali kutali, ulendo wapanyanja wochokera ku Lisbon unkatenga pafupifupi miyezi isanu ndi umodzi, ndipo akazi a kwawo sankakwera nawo zombozo kawirikawiri. Albuquerque anaona kuti asilikali ongodutsa sangaugwire mzinda. Choncho analimbikitsa anyamata ake kukwatira akazi a konko. Wokwatira ankamasulidwa ku usilikali, ankapatsidwa malo ndi kangachepe koyambira banja, ndipo ankalowa m'gulu la anthu otchedwa casados, kutanthauza okwatira. Patapita zaka, boma la Portugal linayamba kutumiza atsikana amasiye kuchokera ku Lisbon kuti akakwatiwe ku India, koma anali owerengeka chabe poyerekeza ndi amuna amene anali kumeneko.

Maukwati amenewa tisawakometse. Ambiri mwa akazi oyambawo anali amasiye ndi ana aakazi a Asilamu amene anaphedwa pa nkhondo yolanda mzindawo. Anabatizidwa, kupatsidwa maina atsopano, n'kuperekedwa kwa amuna amene sankamvana nawo n'chilankhulo chomwe. M'nyumba zambiri munalinso akapolo aakazi, ndipo ndiwo ankakhala pamoto tsiku lonse. Tikamayamikira kukoma kwa zakudya zimene zinabadwa m'nyumba zimenezi, tizikumbukira kuti ambiri mwa amene anaziphika koyamba sanafunsidwe ngati akufuna kukhalamo.

M'banja lotere mphamvu zinagawika mosalingana. Mwamuna ndiye anabwera ndi chipembedzo, ndipo chipembedzocho chinabwera ndi kalendala yake: tsiku la Khirisimasi, la Pasaka, masiku osala nyama, masiku a oyera mtima. Iye ndiye ankatchula ndiwo imene akuilakalaka, ija ankadya kwa mayi ake. Koma kumsika sankapita, ndipo pamphika sankakhala. Mkazi ndiye ankadziwa chimene chikupezeka ndi chimene kulibe, ndipo lilime lolawa mchere linali lake. N'chifukwa chake zakudya zambiri za m'mabanja amenewa zili ndi maina a Chipwitikizi koma kakomedwe kake n'ka ku Asia.

Vindalho ikuonetsa bwino mmene zinkayendera. Vinyo wa mphesa ankachokera kutali ndipo sankapezeka wamba, ndiye m'malo mwake munalowa viniga wopangidwa ku uchema wa mitengo ya kokonati. Munalowanso bwemba, sinamoni, chikasu ndi zonunkhiritsa zina zimene mkazi wa ku Goa anakula akupera pamwala. Tsabola wofiira uja, amene lero timamuona ngati mwini wake wa chakudya cha Amwenye, anali mlendo kwa onse awiri. Kwawo ndi ku America, ndipo anafika ku India pa zombo za Apwitikizi m'zaka za m'ma 1500. Asanafike, ukali wa ndiwo unkachokera ku tsabola wakuda wa timbewu ndi mnzake wamtali. Amuna anabweretsa mbewuyo ngati katundu, koma amene anaipezera malo m'mphika ndi akazi. Uchema womwewo unathandizanso pa buledi: popeza yisiti kunalibe, ophika buledi a ku Goa ankatupitsa ufa ndi uchema.

Pa Khirisimasi yeniyeni, ndiwo yaulemu m'nyumba zachikatolika ku Goa ndi sorpotel, mdzukulu wa sarapatel ya ku Portugal. Nyama ya nkhumba, chiwindi ndi zam'kati zina amayamba aziwiritsa pang'ono, kenako amaziduladula tizidutswa ting'onoting'ono, ntchito yotenga nthawi imene amayi amagawana atakhala pansi. Tizidutswato amatikazinga mpaka titachita bii, n'kutithira mumphika wa tsabola wopera ndi viniga. Ena amathiramo ndi magazi. Sadya tsiku lomwelo. Mphikawo amaphika kukadali masiku angapo chikondwerero chisanafike, ndipo tsiku lililonse amautenthetsa kuti viniga alowerere. Podya pake nthawi zambiri pamakhala sanna, timikate toyera ta mpunga ndi kokonati totupitsa ndi uchema, tophika ndi nthunzi. M'mbale imodzi muli nyama imene Mhindu wa mtundu wapamwamba kapena Msilamu sakanaikhudza, pambali pake mkate umene agogo a mkaziyo akanauzindikira msanga.

Nkhumbayo inali ndi ntchito inanso. M'zaka zimenezo kudya nkhumba ndi ng'ombe kunali chizindikiro choti munthu watembenukadi mtima, ndipo kwa Mhindu kunkatseka njira yobwerera kwa abale ake. Bwalo la tchalitchi lofufuza za chikhulupiriro, la Inquisition, linakhazikitsidwa ku Goa mu 1560 ndipo linathetsedwa kotheratu mu 1812. Mu 1736 linatulutsa lamulo lalitali loletsa Akhirisitu miyambo imene linkaiona kuti ndi yachihindu, ndipo mwa zoletsedwazo munali kuphika mpunga wopanda mchere. Taganizani, akuluakulu a mpingo kukhala pansi n'kulamula za mchere wa mumpunga! Izi zikusonyeza kuti patatha zaka zoposa 200, makhitchini anali akusungabe kaphikidwe ka makolo, ndipo olamulira ankadziwa kuti m'menemo ndimo chikale chinabisala.

Chikalecho sichinathe. Mabanja achikhirisitu ku Goa amakonza kuswar, mbale ya zotsekemera zamitundumitundu imene amagawira achibale ndi anansi pa Khirisimasi. M'mbalemo mumakhala neureos, timikate tokazinga topinda ngati mwezi wongooneka kumene, m'kati muli kokonati wotsekemera. Anansi awo achihindu amakonza timikate tomweto pa chikondwerero cha Ganesh Chaturthi ndi pa Diwali. Mumakhalanso bebinca, keke ya mkaka wa kokonati ndi mazira ambiri, imene amaphika mosanjikiza, gawo limodzi likapsa n'kuthira lina pamwamba.

Mu 1511 Albuquerque yemweyo analanda Melaka, doko lalikulu la malonda kudera lomwe lero ndi Malaysia, ndipo maukwati a mtundu womwewo anayambanso kumeneko. Zidzukulu zawo ndi anthu otchedwa Kristang. Ulamuliro wa Apwitikizi unatha mu 1641 pamene Adatchi analanda mzindawo, ndipo pambuyo pake kunabwera Angerezi, koma anthuwa anagwiritsitsa Chikatolika, chilankhulo chawo ndi miphika yawo. Ambiri anali asodzi osauka, ndipo mu 1933 anapatsidwa malo m'mbali mwa nyanja, pamene lero pamatchedwa Portuguese Settlement. Ndiwo yawo yotchuka, kari debal, imaphikidwa Khirisimasi itangodutsa, pogwiritsa ntchito nyama zimene zatsala paphwando. Nyamazo amazibwezera pamoto ndi tsabola wambiri, njere za mpiru, viniga ndi mizu yonunkhira ya ku Malaya. M'dziko lotentha, kale kopanda firiji, viniga ndi tsabola ndizo zinkapulumutsa nyama kuti isaonongeke. Nzeru ya mayi wosafuna kutaya chakudya inasanduka mwambo umene ana ake amaulakalaka chaka chonse.

Kumene nkhaniyi inafika pachimake ndi ku Macau, kugombe la kumwera kwa China, kumene Apwitikizi anakhazikika cha m'ma 1557. Poyamba akazi ambiri a m'nyumba zawo sanali Matchaina. Ankachokera ku Melaka, ku India ndi ku Japan, ndipo dziko la Japan litaletsa Chikhirisitu mu 1614, Akhirisitu ena a kumeneko anathawira ku Macau. Akazi achitchaina anadzalowa m'mabanjawa mochuluka pambuyo pake. Ndiye khitchini imodzi inkatha kukhala ndi apongozi obadwira ku Melaka, mtengwa wa ku Canton ndi wantchito wa ku Goa, onse akuphikira mwamuna amene mtima wake uli ku Lisbon.

Usiku wa pa 24 Disembala mpingo unkalamula kusala nyama. Ku Portugal lamuloli linabala mgonero wa nsomba youma ya bacalhau yowiritsa ndi mbatatesi ndi kabichi. Ku Macau linabala sopa de lacassá, msuzi wa shrimp (tinyama ta m'nyanja ta mtundu wa nkhanu) ndi timanudozi ta mpunga, wokoleretsa ndi balichão, phala lamchere la shrimp zofufumitsa. Msuziwu ndi wachibale wa laksa ya ku Malaya, ndipo balichão ndi wachibale wa belacan ya komweko. Lamulo linali la mpingo wa mwamuna, koma mbale imene inalikwaniritsa inachokera kwawo kwa mkazi. Pambali pake pankakhala empada, chitumbuwa cha nsomba chotsekemerera pang'ono.

Nyama inkabwera m'masiku otsatira, makamaka tacho, mphika waukulu wa nyengo yozizira wotengera cozido ya Apwitikizi, yomwe ndi nyama ndi masamba zowiritsira pamodzi. Soseji ya ku Portugal inasowa, m'malo mwake munalowa soseji yachitchaina, chikopa cha nkhumba choumitsa ndi ndiwo zamasamba za kumeneko. Zotsala paphwando ankaphikira ndiwo yotchedwa diabo, mofanana ndi mmene amachitira a ku Melaka. Chimene chimandikhudza mtima kwambiri ndi zotsekemera zitatu za pa Khirisimasi: alua, coscorão ndi fartes. Anthu a ku Macau amati alua ndi matiresi a Mwana Yesu, coscorão ndi chofunda chake, fartes ndi pilo wake. Alua ndi wa m'banja la halwa, chotsekemera chodziwika ku India ndi ku maiko a Aluya. Choncho Mwana wa ku Betelehemu anagonekedwa pa chakudya chimene akazi anabwera nacho kuchokera m'nyumba zachisilamu ndi zachihindu.

Anthu ena amakonda kufunsa kuti kodi zakudya zimenezi n'za Apwitikizi kapena n'za ku Asia, ngati kuti mbali imodzi iyenera kupambana. Ine ndimaona kuti funso lofunika ndi lakuti anaphika ndani. Mabuku a mbiri anasunga maina a akazembe, a mabishopu ndi a zombo, koma akazi amene anayesa viniga wa uchema m'malo mwa vinyo, kapena amene anaganiza zoti msuzi wa kwawo ungathe kukhala mgonero wa usiku woyera, maina awo sanalembedwe. Luso lawo linayenda pakamwa ndi m'manja, kuchoka kwa mayi kupita kwa mwana wamkazi, kuchoka kwa apongozi kupita kwa mtengwa. Ku Macau mabanja ena ankalemba kaphikidwe kawo m'makope amene ankawabisa kuti banja lina lisaone, ndipo kubisako kunachititsa kuti maphikidwe ena apite kumanda pamodzi ndi eni ake.

Ulamuliro umene unayambitsa zonsezi unatha. India inatenga Goa mu 1961, ndipo Macau inabwerera m'manja mwa China mu 1999. Anthu a ku Macau a magazi osakanikiranawa anabalalika kalekale, ena ku Hong Kong, ena ku Portugal, Brazil, Canada, America ndi Australia. Chilankhulo chawo cha Patuá chatsala ndi olankhula ochepa kwambiri, moti bungwe la UNESCO linachiika m'gulu la zilankhulo zimene zili pafupi kutha. Chakudya ndicho chalimba kuposa chilankhulo. Mu 2017 UNESCO inaika Macau pa mndandanda wa mizinda yodziwika ndi luso la zakudya, ndipo mu 2021 boma la China linalemba kaphikidwe ka anthuwa pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha dziko.

Vindalho nayo inapitiriza ulendo wake. Itafika m'malesitilanti a ku Britain, ambiri mwa iwo oyendetsedwa ndi Asilamu ochokera ku Bangladesh, nkhumba inachokamo, munalowa nkhuku kapena nkhosa, nthawi zambiri ndi mbatatesi, ndipo inatchuka ngati ndiwo yoyesera kulimba mtima pa tsabola. Anthu a ku Goa amadandaula kuti imeneyo si vindalho, chifukwa kwa iwo mtima wa ndiwoyi ndi viniga ndi adyo, ndipo tsabola ayenera kumveka popanda kuphimba zinzake.