Matenda a maganizo sasankha mphamvu: zomwe zinachitikira katswiri wa nkhonya Tyson Fury

Anthu okonda nkhonya mu Blantyre muno amalidziwa bwino dzina la Tyson Fury, chimphona cha ku England chotalika kupitirira mamita awiri. Iye anabadwa mu 1988 mumzinda wa Manchester miyezi yake isanakwane, ndipo ankalemera kosafika theka la kilogalamu, moti madokotala sankayembekeza kuti apulumuka. Bambo ake, omwe nawonso ankamenya nkhonya, anamutcha Tyson potengera katswiri wa nkhonya wa ku America Mike Tyson. Pa 28 November 2015, ali ndi zaka 27, anapita ku Düsseldorf m'dziko la Germany n'kukagonjetsa Wladimir Klitschko, munthu amene anali atatha zaka 11 osagonja, ndipo anabwerako ndi malamba a ukatswiri wa dziko lonse a mabungwe a nkhonya a WBA, IBF ndi WBO. Chimene ankachilota kuyambira ali mwana chinali m'manja mwake.

Apa m'pamene nkhani yake imatikhudza ife tonse, chifukwa m'malo mosangalala, munthuyu anayamba kulowa pansi. Iye mwini wakhala akufotokoza poyera kuti atangopambana anadzimva wopanda kanthu mumtima, ngati kuti palibenso chifukwa chodzukira m'mawa. Anayamba kumwa mowa mwauchidakwa ndi kugwiritsa ntchito mankhwala ozunguza bongo a cocaine, anasiya zolimbitsa thupi, ndipo ananenepa mpaka kufika pafupifupi makilogalamu 180. Nkhonya yachibwereza ndi Klitschko inalephereka kawiri konse, ndipo mu October 2016 anatula pansi malamba amene anali atatsala nawo kuti ayang'ane za moyo wake. Anali ndi ndalama, nyumba, mkazi ndi ana, komabe anaulula kuti panthawiyo anafika pofuna kudzipha. Atapita kwa madokotala anauzidwa kuti ali ndi matenda a maganizo otchedwa bipolar.

Kwathu kuno timakonda kunena kuti mwamuna salira, ndipo mnyamata amakula akudziwa kuti kudandaula n'kwa anthu ofooka. Koma kodi munthu amene anapirira zibakera za Klitschko kwa ndime 12 tingamutche wofooka? Matenda a maganizo ndi matenda ngati shuga kapena BP. Amagwira wolemera ndi wosauka, wopemphera ndi wosapemphera, ndipo kulimba kwa minofu sikuwatchinga.

Kukhumudwa kumene kuli matenda

Munthu aliyense amakhumudwa: maliro akagwa, ntchito ikatha, geni ikalowa pansi. Kukhumudwa koteroko kumapepuka pakapita masiku. Kumene achipatala amakutcha matenda ndi kuja kokhala tsiku lonse, pafupifupi tsiku lililonse, kwa milungu iwiri kapena kupitirira, mpaka munthu kulephera kugwira ntchito zake. Wodwala sakondweranso ndi zimene ankazikonda, tulo timamuthawa kapena amangogona osafuna kudzuka, chakudya sichilowa kapena amadya mopitirira muyeso, amatopa asanagwire kanthu, amaiwalaiwala, ndipo amadziona ngati katundu wolemetsa abale ake. Ambiri safika kuchipatala n'kunena kuti akhumudwa. Amati mutu ukuwawa osasiya, mtima ukuthamanga, thupi lonse laphwanya, kapena amangoti akuganiza kwambiri, ndipo amayezetsa malungo kangapo osapezeka nawo.

Mwa amuna matendawa amakonda kubisala kuseri kwa mowa ndi ukali, n'chifukwa chake apabanja amachedwa kuwazindikira. Taganizirani bambo wa kabaza ku Ndirande amene ankatuluka m'bandakucha tsiku lililonse. Tsopano njinga yake yamoto yatha milungu itatu itatsamira khoma, fumbi lili mbuu pa chishalo, foni anazimitsa, nsima imazizira pambale iye atayang'ana kukhoma, ndipo madzulo amazemba n'kukabwera akununkha kachasu. Mwana akangogwetsa kapu, bamboyo amakalipa ngati kwagwa chinthu chachikulu. Anthu apamudzi amati wayamba ulesi, ena amati wina wamuchita chipongwe chifukwa cha nsanje. Munthu ameneyu n'kutheka kuti akudwala, ndipo mowa umene akuuyesa mankhwala ukungokulitsa vutolo, pakuti umapha tulo tabwino, umazamitsa kukhumudwa, ndiponso umachotsa mantha amene akanamuletsa kudzivulaza. Chamba nachonso sichitonthoza maganizo monga amanenera anyamata ena. Mwa anthu ena chimayambitsa kusokonekera kwenikweni kwa mutu.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2023 kuti anthu pafupifupi 280 miliyoni anali ndi matenda okhumudwa, ndipo anthu oposa 700,000 amadzipha chaka chilichonse. Gwero la matenda okhumudwa si limodzi. Pena ndi zakumtundu, pena ndi nkhanza zimene munthu anakumana nazo ali mwana, imfa ya wokondedwa, ngongole ya katapila, kusokonekera kwa banja, kapena matenda okhalitsa monga HIV, khansa ndi sitiroko. Amayi ena amadwala matendawa ali oyembekezera kapena atangobereka kumene.

Matenda a bipolar amene Fury anapezeka nawo ali ndi mbali ziwiri. Pali nyengo yokhumudwa monga tafotokozamu, ndiye pali nyengo ina imene munthu amakhala ndi mphamvu zosaneneka: amagona maola awiri okha osamva kutopa, amalankhula mothamanga osapatsa mnzake mpata, amamwaza ndalama, amayamba mapulani akuluakulu osatheka, ndipo amadziona ngati palibe womuposa. Nyengo imeneyi imapusitsa, chifukwa wodwalayo amamva ngati ali bwino kuposa kale lonse. Katswiri wina wa nkhonya wa ku Britain, Frank Bruno, amene anatenga lamba wa bungwe lina la nkhonya la WBC mu 1995, anagonekedwa m'chipatala cha matenda a maganizo mu 2003 ndipo naye anapezeka ndi bipolar. Mukapita ndi m'bale wanu kuchipatala, muuzeni dokotala ngati nyengo yotereyi inachitikapo ngakhale kalekale, chifukwa mankhwala a kukhumudwa akaperekedwa okha kwa munthu wa bipolar angathe kuidzutsa.

Mmene Fury anabwererera, ndi zimene tingachite kuno

Fury anakhala zaka ziwiri ndi theka osalowa m'bwalo la nkhonya. Anaonana ndi madokotala, anasiya mankhwala ozunguza bongo, anayambanso kuthamanga pang'onopang'ono mothandizidwa ndi mphunzitsi wake Ben Davison, ndipo anataya makilogalamu oposa 50. Anamenyanso nkhonya mu June 2018. Mu December chaka chomwecho ku Los Angeles, katswiri wa ku America Deontay Wilder anamugwetsa chagada m'ndime yomaliza moti ambiri ankati zatha, koma iye anadzuka woweruza asanamalize kuwerenga, ndipo nkhonyayo inatha mofanana mphamvu. Mu February 2020 ku Las Vegas anamugonjetsa Wilder m'ndime yachisanu ndi chiwiri n'kutenga lamba wa WBC. Anthu amakonda kukumbukira kudzuka kwa ku Los Angeles kuja, koma kwa ine chachikulu ndi chimene chinachitika kopanda makamera, pamene munthu wotchuka chotero anavomera kuti wadwala n'kulola kuti ena amuthandize. Iye sanabise kuti vutoli silinathe kotheratu, ndi kuti amadalira kuchita zolimbitsa thupi tsiku ndi tsiku kuti maganizo ake akhazikike.

Tisatengepo phunziro lolakwika lakuti kuthamanga kokha kumachiza. Kuyenda ndawala, kugona ndi kudzuka nthawi yofanana, kudya mokwanira ndi kucheza ndi anthu kumathandiza ndithu, makamaka matenda akakhala ocheperako, koma akakula pamafunika uphungu wa anthu ophunzitsidwa, mankhwala, kapena zonse ziwiri. Mu Blantyre mungayambire pachipatala chaching'ono chapafupi, kaya ku Ndirande, Limbe, Zingwangwa, Chilomoni kapena Bangwe, mutanyamula buku lanu la kuchipatala. Akaona kuti pakufunika akatswiri adzakutumizani ku Queen Elizabeth Central Hospital, kuja timati ku Gulupu, kumene kuli madokotala ndi anamwino a matenda a maganizo. Ambiri amaopa kuti akangotchula za maganizo awatumiza ku Zomba Mental Hospital. Kumeneko kumapita odwala ochepa amene afunika kugonekedwa; ochuluka amalandira thandizo n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo.

Mankhwala a kukhumudwa, monga amitriptyline ndi fluoxetine, sagwira ntchito ngati panado. Amatenga milungu iwiri, inayi kapena kuposerapo kuti munthu ayambe kumva kusintha, ndipo amafunika kumwedwabe kwa miyezi ingapo munthu atayamba kupeza bwino. Vuto limene limabwezera anthu m'mbuyo ndi kusiya mankhwala pawokha, mwina chifukwa akuona ngati achira, mwina chifukwa wina wawauza kuti kumwa mankhwala n'kusowa chikhulupiriro. Pemphero ndi chipatala sizilimbana. Pempherani, ndipo mankhwala mumwe. Akakuvutani, mwachitsanzo akamaumitsa kukamwa kapena kukugonetsani kwambiri, bwererani kwa dokotala kuti akusinthireni. Mayi woyembekezera kapena amene akufuna kutenga pakati anene msanga, chifukwa ena mwa mankhwala a bipolar, makamaka sodium valproate, angathe kuvulaza mwana m'mimba.

Kwa inu apabanja ndi anzake a wodwala, ntchito yanu yoyamba ndi kufunsa ndi kumvetsera. Sankhani nthawi imene muli awiriwiri, mwina pakhonde ana atagona, n'kunena kuti, “Achimwene, masiku ano simuli ngati kale, chikukuvutani n'chiyani? Ine ndili pano, ndiuzeni.” Akayamba kulankhula musawadule ndi malangizo, musawauze kuti alimbe mtima ngati mwamuna, ndipo musawayerekeze ndi ena amene ali pamavuto oposa awo. Ngati mukukayikira, funsani mosapita m'mbali kuti, “Kodi mumaganizapo zodzipha?” Funso limeneli siliika maganizowo mwa munthu, kawirikawiri limamupepukitsa, chifukwa amaona kuti wapezeka womumvetsa.

Munthu akanena kuti watopa ndi moyo, akayamba kugawa katundu wake, kutsanzika anthu mosadziwika bwino, kapena akangoti zii mwadzidzidzi pambuyo pa masiku ovutika, musayese nthabwala kapena kuopseza chabe. Musamusiye yekha. Chotsani m'nyumba mankhwala a makoswe, a m'munda, mapiritsi osungidwa ndi china chilichonse chimene angadzivulaze nacho, itanani wachibale wina wodalirika, ndipo pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale ndi usiku. Ngati wamwa kale chinthu choopsa, musamusanzitse kapena kumumwetsa mkaka. Thamangirani naye kuchipatala mutatenga botolo kapena pepala la chimene wamwacho kuti achipatala adziwe pomwe angayambire.